Lendi yathu ilibe mboni

Amalume anga ali ndi nyumba ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare, kuno ku Zimbabwe. Ndi ija ya khonsolo ya zipinda zinayi, imene agogo anaipeza atachona kuno, ndipo kumbuyo kwake kuli zipinda zina zitatu zimene amalumewo anamanga ndi manja awo. Anazimanga kawiri. Zoyamba zinagwetsedwa mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba zomangidwa popanda chilolezo, ndipo lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Iwo anatola njerwa zimene sizinasweke n'kuziunjika pambali pa mpanda, ndipo zinthu zitazizira anamanganso. Kuyambira pamenepo zipindazo sizinakhalepo mwezi wathunthu zopanda munthu. Maroja, monga timawatchulira kuno anthu a lendi, amalowa ena akutuluka.

Chaka chatha anamva kuti ku Budiriro, lokeshoni ina ya mu Harare, kuli nyumba yogulitsa. Mtima wawo unali pamenepo: agule, aikemo anthu a lendi, ikhale penshoni yawo poti ya kuntchito inatha ndi mphepo ya kugwa kwa ndalama mu 2008. Anandipempha kuti ndiwaperekeze kubanki, chifukwa ndine amene ndimasunga mabuku a bungwe lathu la maliro. Anavala jekete la kutchalitchi. Mapepala onse anawaika mu jumbo: malisiti a madzi, kalata ya khonsolo yofiira ndi ukalamba, chitupa cha agogo chachitsulo chija.

Mayi amene anatilandira anali waulemu kwambiri. Anawapatsa mpando, anamvetsera nkhani yonse osawadula, kenako anayamba kufunsa.

"Nyumba ya ku Mufakoseyi ili m'dzina la ndani, bambo?"

"La malemu bambo anga."

"Chuma cha masiye chinalembetsedwa?"

Amalume anatembenuka kuyang'ana ine.

"Nanga lendi ya zipindazi imalowa mu akaunti iti?"

"Amandipatsa pamanja, mayi."

"Pali pangano lolemba? Malisiti?"

"Timakhulupirirana."

Mayiyo anafunsanso ngati pulani ya zipinda zakumbuyozo inavomerezedwa ndi khonsolo, ndipo apo amalume anangopinda jumbo yawo. Mu kombi pobwerera anakhala chete mpaka titadutsa Kambuzuma. Ndipamene anati, "Mphwanga, ine sindinadyepo ndalama ya munthu. Bwanji osabwera adzaone njerwa?"

Tsiku limenelo ndinakwiya nawo limodzi. Lero ndikunena zimene zinanditengera miyezi kuti ndizivomere: mayi uja sanalakwe. Mafunso ake onse anali oyenera, ndipo ife a mtundu wathu, zidzukulu za ochokera ku Malawi, muno mu Harare, amene tili ndi nyumba ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, tikuluza mwayi chifukwa chuma chathu chilipo koma chilibe mboni. Zina mwa zifukwa zake si zathu, ndipo ndizitchula. Koma gawo limene lili m'manja mwathu ndi lalikulu kuposa momwe timavomerezera tikakhala pamaliro n'kumadandaula.

Wobwereketsa ndalama zogulira nyumba ya lendi, kaya ali ku Harare, ku Lilongwe kapena ku London, amafuna kudziwa kuti ndalama yake izibwerera bwanji mwezi ndi mwezi, ndipo ikasiya kubwera adzagwira chiyani. Pa nyumba yogonamo mwini wake amakhala womasukirapo, podziwa kuti munthu amalolera kugona ndi njala kusiyana ndi kutaya denga la ana ake. Pa nyumba ya lendi amakhwimitsa, chifukwa zinthu zikathina ngongole imene munthu amayamba kuinyalanyaza ndi ya nyumba imene sagonamo. N'chifukwa chake dipoziti ya nyumba ya lendi imakhala yokwererapo, chiwongoladzanja chimodzimodzi.

Ana athu amene ali ku Britain amazidziwa bwino. Kumeneko kuli ngongole yapadera yotchedwa buy-to-let. Kawirikawiri wogula amaika kotala la mtengo wa nyumba kuchokera m'thumba mwake, ndipo lendi iyenera kuposa chiwongoladzanja cha pamwezi ndi 25 peresenti kapena kupitirira apo. Ku America, obwereketsa ambiri akamawerengera lendi ngati ndalama zimene munthu amapeza, amatengapo 75 peresenti yokha. Yotsalayo amaisiyira miyezi imene nyumba idzakhale yopanda munthu ndi zokonzakonza. Kulinso ena kumeneko amene sayang'ana kwenikweni malipiro a kuntchito, amangoika lendi mbali ina, ndalama yobweza pamwezi mbali ina, n'kuona ngati nyumbayo ingadzilipirire yokha. Amenewo ndi malamulo a kumeneko, si a kuno. Koma funso lake ndi limene aliyense wa ife ayenera kudzifunsa asanavale jekete: nyumbayi ingabweze yokha ngongole yake?

Tiyeni tiwerengere, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza, si a banki iliyonse. Nyumba ikugulitsidwa madola a ku America 40,000. Inu mwaika 10,000, mwabwereka 30,000 pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka. Akakupatsani zaka 20, muzibweza pafupifupi madola 330 pamwezi. Akakupatsani zaka 10, muzibweza pafupifupi 430. Akati zaka zisanu, ndi pafupifupi 670. Tsono tinene kuti lendi ya nyumbayo ndi 400. Pa zaka 20 mupumako. Pa zaka 10 lendi yonse ikupita kubanki ndipo mukuwonjezerapo 30 ya m'thumba, musanalipire khonsolo, musanagule inshulansi, thanki ya madzi isanaboole, roja asanathawe usiku ndi lendi ya miyezi iwiri. Pa zaka zisanu ndiye kuti simunagule penshoni, mwagula mwana wina woti muzimudyetsa.

Koma onani zimene zimachitika dipoziti ikakula. Mutaika 20,000 n'kubwereka 20,000 yokha pa zaka 10 zomwezo, muzibweza pafupifupi 290. Ngakhale mutawerengera lendi mwa njira ya ku America ija, kutenga 300 pa 400, nyumbayo ikudziimirabe payokha. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anzanga amene amati munthu wanzeru amagula nyumba ndi ndalama za ena. Mawu amenewo amagwira ntchito kumene ngongole ya nyumba imafika zaka 25 kapena 30 ndipo chiwongoladzanja n'chotsika. Kuno, kumene zaka n'zochepa, chokupulumutsa ndi dipoziti yaikulu. Ndipo pamwamba pa dipozitiyo musaiwale kuti loya wosamutsa dzina amalipidwa, msonkho wa sitampu ulipo, kulembetsa ngongoleyo kuli ndi mtengo wake, ndipo wowerengera mtengo wa nyumba sabwera ulere.

Wina afunsa, bwanji mabanki a kuno sapereka zaka zambiri? Yankho lake tonse tinalikhalamo. Banki imabwereketsa ndalama zimene anthu anasungitsa. Mu 2008 mitengo inkakwera tili pamzere, ndipo mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la 100 trillion. Amene anali ndi ngongole ya nyumba anaimaliza ndi ndalama yosakwana buledi, amene anasunga anataya zonse, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama za nyumba anaona mabuku awo akusanduka fumbi. Titapuma zaka zingapo ndi madola a ku America, mu Febuluwale 2019 lamulo la Statutory Instrument 33 linati ndalama ndi ngongole zambiri za m'dziko muno zimene zinali m'madola a ku America zisanduke madola a m'dziko muno otchedwa RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo khoti la Supreme linatsimikiza zimenezi mu 2020. Wobwereketsa anabwezeredwa ndalama yofooka, wosungitsa anapeza ndalama yake itaphwa. Mu 2022 Reserve Bank of Zimbabwe inakweza chiwongoladzanja chake kufika 200 peresenti. Mu 2023 boma linawonjezera nthawi yogwiritsa ntchito ndalama zakunja kuchoka 2025 kufika 2030, pamene mabanki anali atayamba kuopa kubwereketsa madola kupyola 2025. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho mphamvu yake inatsitsidwa kupitirira 40 peresenti tsiku limodzi.

Munthu amene anaona zonsezi sangasiye ndalama kubanki kwa zaka 20, ndipo banki yopanda ndalama zokhalitsa singabwereketse kwa zaka 20. Onse anapsa ndi moto umodzi. Phunziro limodzi laling'ono limene ndikufuna tilisunge pa zimenezi n'lakuti ngongole ikhale m'ndalama imene lendi imabwerera. Ngati maroja amalipira madola, bwerekani madola. Mukabwereka ndalama ina n'kumalandira ina, mwaika nyumba yanu pa juga.

Tsopano ndibwere pa nkhani imene imandipweteka kwambiri, ya mapepala.

Banki ikabwereketsa pa nyumba, imakalembetsa ngongoleyo ku ofesi ya boma ya Deeds Registry pa title deed, chikalata cha umwini wa nyumbayo, kuti nyumba isagulitsidwe ngongole isanathe. Ndicho chikole chake. Popanda title deed palibe polembetsa. Koma nyumba zambiri za m'malokeshoni mwathu zili pa cession, kutanthauza kuti malowo akadali m'dzina la khonsolo kapena la kampani imene inagawa masitandi, ndipo inu muli ndi ufulu wokhalapo umene mungaupereke kwa wina mwini malo atavomera. Mumagonamo, mumachititsa lendi, mungathe kugulitsa, koma obwereketsa ambiri sakhutira nacho ngati chikole. Kuli ena amene alibe ngakhale cession, ali ndi kapepala kogulirana ndi tcheyamani wa koparetivi. Nkhani ya anthu ogulitsa malo osakhala awo inakula mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi woweruza Tendai Uchena, imene inapereka lipoti lake mu 2019. Wogula sitandi ya mtundu umenewo, ngakhale atamangapo nyumba yosanja, kubanki alibe kanthu.

Kwa ife pali chowonjezera. Agogo athu anabwera kuno ena ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ena wapansi kudutsa ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'makhitchini a azungu ndi kukhonsolo ya Salisbury, Harare wa lero. Sanabwere kudzakhala. Ankati akapeza njinga, makina osokera ndi bulangete abwerera kumudzi. Nyumba za m'lokeshoni zinali za lendi, za khonsolo. Dziko litalandira ufulu mu 1980, zambiri mwa nyumbazo zinagulitsidwa kwa okhalamo, kulipira pang'onopang'ono. Ambiri anamaliza kulipira koma sanapite kukatsata title deed, poti panalibe amene ankawathamangitsa. Mayina nawo analembedwa ndi kalaliki amene sankamva Chichewa: apa Phiri, apo Piri, pena dzina la bambo lasanduka la mwana, pena munthu analembetsa dzina la m'bale wake kuti apeze ntchito. Kenako mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira konkuno, amene sanapondeko ku Dedza kapena ku Mangochi, anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko la makolo awo. Ambiri anatsala ndi chitupa chowatcha alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi: wobadwira muno mwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala muno nthawi imeneyo, ndi nzika yobadwa. Koma lamulo kulembedwa n'kwina, munthu kupita kukasintha chitupa n'kwina. Ndikudziwa mabanja amene mpaka lero agogo aakazi alibe chitupa, mayi alibe kalata yobadwira, ndipo mdzukulu wakanika kulemba mayeso.

Zimenezi si ife tinazipanga. Koma zaka zapita zoposa khumi chitseko chili chotsegula, ndipo ambiri sitinalowe. Pa maliro timasonkha mpaka bokosi, basi, ufa ndi ndiwo zikwane. Gule amatuluka, mwambo umatha bwino. Likatha sabata palibe amene amatenga kalata ya imfa kupita nayo kwa Master of the High Court, mkulu wa kukhoti woona za chuma cha omwalira, kukalembetsa chuma cha masiye. Timaopa kuti tikayamba nkhani ya nyumba abale akangana. Ndiye timaisiya m'dzina la womwalira zaka 20, mpaka ana a malemu amwaliranso, adzukulu achuluka, ena ali ku Johannesburg, ena ku Blantyre, ndipo kuti onse asaine pepala limodzi pamafunika chozizwitsa. Mkangano umene tinauthawa uja sunathe, tinangousungira ana. Nyumba ya womwalira banki singailandire ngati chikole, chifukwa womwalira sasaina.

Ndimafuna mabungwe athu a maliro aganizirepo. Tili ndi mabuku olembedwa bwino kuposa a makampani ena, tili ndi mlembi, msungichuma, malamulo. Chingatilepheretse n'chiyani kuika lamulo lakuti maliro akatha, anthu awiri a bungwe aperekeze banja kukalembetsa chuma cha masiye mwezi usanathe? Kuika munthu m'manda n'kusiya nyumba yake m'malere si kumaliza maliro.

Pa lendi ya pamanja ndimamva bwino mbali ya amalume. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo dola imene ili pansi pa matiresi palibe lamulo la usiku limene lingaisandutse china. Mu Okutobala 2018 boma linayamba kudula msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni ndi pa banki, ndipo mabanki nawo amadula zawo. Amene amati kuika ndalama kubanki n'kuitaya sakunama, akunena zimene anaona. Ine sindikuti musungitse chuma chanu chonse kumeneko. Ndikuti lendi idutseko. Roja alipire pa akaunti kapena pa foni kudzera pa EcoCash, inu mutape mawa lake ngati mukufuna. Zimene adulazo ndi mtengo wa mboni. Pakatha chaka muli ndi sitetimenti yosonyeza kuti pa 1 kapena pa 5 mwezi uliwonse ndalama yakuti imalowa kuchokera kwa anthu akutiakuti. Kwa munthu wopanda payslip, monga kalipentala wa ku Glen View Area 8, wowotcherera wa ku Siyaso kapena mayi wa pa Mbare Musika, sitetimenti imeneyo ndiyo payslip yake. Akalipentala ena amapeza ndalama zoposa za mphunzitsi, koma mphunzitsi ndi amene banki imamumvera, chifukwa ndalama yake imaoneka.

Sindibisa mbali inayo. Lendi ndi ndalama yokhoma msonkho, ndipo imene yaoneka kubanki ingaonekenso kwa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Zipinda zomangidwa popanda pulani yovomerezeka, wowerengera mtengo sangaziwerenge ngati chuma, ndipo kupita kukhonsolo kukazilongosola kumafuna ndalama ndi kuleza mtima. Ngongole ya madzi ndi ya malo imene yaunjikana iyenera kutha, chifukwa nyumba sisamuka dzina popanda kalata ya khonsolo yonena kuti zonse zalipidwa. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti zonsezi sakuzifuna, amanga pang'onopang'ono ndi ndalama yake, lero simenti matumba asanu, mwezi wa mawa mafelemu. Umo ndi momwe theka la Harare linamangidwira, ndipo palibe chamanyazi. Chimene ndikukana n'chakuti tikhale obisika kwa boma koma tizifuna kuoneka kwa banki. Sizingatheke zonse ziwiri.

Palinso mbiri ya munthu pa ngongole. Masiku ano Reserve Bank ili ndi kaundula wa obwereka, ndipo mabanki amayang'anamo asanayankhe. Kangongole ka sofa kapena ka foni kamene munakasiya mukuti n'kochepa kakhoza kukutsekerani ngongole ya nyumba. Amene munasainira m'bale wanu ngati womuimira pa ngongole yake, iye n'kuthawa, dziwani kuti dzina lanu ndi limene linatsala.

Banki ikakana, ambiri amapita kwa akatapila, achimbadzo monga amanenera anzathu Achishona. Kumeneko safunsa payslip, safunsa pulani, ndalama imatuluka tsiku lomwelo. Chikomekome cha mkuyu. Njira imene yadyetsa nyumba zambiri muno ndi iyi: wobwereketsa sakusainitsani pepala la ngongole, amakusainitsani pepala logulitsa nyumba, n'kukuuzani kuti n'longosunga, mukabweza aling'amba. Mukachedwa mwezi umodzi kapena iwiri, mumamva kuti nyumba ili m'dzina la wina, ndipo kukhoti pepala limene lili patebulo likuti munagulitsa ndi dzanja lanu. Ngati pepala likunena kuti mukugulitsa, mukugulitsa, kaya pakamwa mwagwirizana chiyani. Musasaine popanda loya wanu, osati wa iyeyo.

Apa ndiyenera kunena chimene ndinawauza amalume, ngakhale kunali kovuta kwa mwana kuuza mwinimbumba. Ngakhale nyumba ya ku Mufakose ikanakhala ndi mapepala onse, sindikanafuna kuti ikhale chikole cha nyumba ya ku Budiriro. Nyumba imeneyo si ya munthu mmodzi. Mayi anga anabadwiramo. Azakhali akasiyidwa ukwati amabwerera momwemo. Maliro athu amagonera pabwalo pake. Kwa ife amene kumudzi kunatalika, nyumba ya m'lokeshoni ndiwo mudzi. Kuikoleka kuti mugule nyumba ya bizinesi ndi kuika mbumba yonse pa ngozi ya bizinesi ya munthu mmodzi. Nyumba yogulidwayo ikhale chikole cha ngongole yake. Ngati banki ikufunanso ya makolo kuti ivomere, ndiye kuti ikukuuzani mwaulemu kuti masamu a nyumbayo sakukwana.

Za ana amene ali kunja ndingonena mwachidule. Iwo ndi amene amapeza ngongole mosavutirapo, poti ali ndi malipiro a ndalama zakunja, ndipo Reserve Bank inakhazikitsa Homelink mu 2004 poganizira anthu a kunja omwewo. Koma mwana akamabweza ngongole ali ku Leicester, nyumba ilembedwe m'dzina lake, ndipo amene akutolera lendi kuno azilemba. Ubale wambiri wathera pa lendi imene inadyedwa ndi womuyang'anira nyumba.

Sindikuwasiya mabanki osawanena. Dziko limene anthu ambiri sagwira ntchito yolembedwa silingamange nyumba ndi payslip yokha. National Building Society inayamba mu 2016 ndi ndalama za NSSA, bungwe la boma la penshoni, ndiye kuti thukuta la ogwira ntchito. Mabanki a CABS, FBC, ZB ndi ena akhala m'ntchito ya nyumba kwa zaka zambiri. Ndikuwapempha kuti alembe poyera, pakhoma, m'zilankhulo zimene anthu amamva, kuti lendi amaiwerengera bwanji: akufuna miyezi ingati ya sitetimenti, pangano la mtundu wanji, gawo lanji la lendi limene amalivomera. Munthu adziwe chaka chisanafike chimene ayenera kukonza, osati akamve ali pampando atavala kale jekete. Ndipo munthu amene walipira bungwe la maliro kapena chipereganyu zaka 15 osaphonya wasonyeza khalidwe limene wobwereketsa aliyense amalifuna. Mbiri imeneyo ili m'mabuku athu, yolembedwa ndi inki, yosainidwa. Iyenera kukhala ndi polowera. Boma nalo linayamba kupereka ma title deed ku Epworth, kufupi ndi Harare, mu 2023. Ntchito imeneyo ifike msanga m'malokeshoni akale, kumene anthu anamaliza kulipira nyumba zawo kalekale, chifukwa title deed imodzi imatsegula zitseko zimene misonkhano khumi ya zachuma singatsegule.

Koma zimenezo n'za iwo, ndipo zidzachitika pa nthawi yawo. Ife tikadikira kuti ndalama ya dziko ikhazikike ndipo mabanki asinthe mtima tisanakonze mapepala, tsiku limene zidzasinthe tidzapezeka tikadali ndi jumbo ya malisiti a madzi, ena akugula.

Nyumba ya ku Budiriro inagulidwa ndi wina. Amalume sanalankhule za iyo kwa milungu ingapo. Kenako Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anandiitana, "Mphwanga, tabwera ndi cholembera." Anali atagula kabuku ka sukulu ka chikuto cholimba. Tinajambula mizere: dzina, chipinda, tsiku, ndalama, saini. Ndinawalembera pangano la tsamba limodzi, m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo tinaitana maroja mmodzimmodzi. Awiri anasaina osavuta. Wachitatu, mnyamata wogulitsa matayala, anazengereza poganiza kuti ndi njira yokwezera lendi, mpaka amalume anamuuza kuti pepalalo likumuteteza iyenso, palibe amene angamutulutse popanda notisi. Awiriwo tsopano amalipira pa foni. Wa matayala akadali wa pamanja, koma amasaina.

Za nyumba yaikulu zatenga nthawi. Tinapeza kuti kalata ya imfa ya agogo ili ndi dzina losiyana chilembo chimodzi ndi la pa kalata ya khonsolo, ndipo panafunika kulumbira kwa anthu awiri achikulire amene ankawadziwa. Mmodzi ndi agogo ena a ku Highfield amene anayenda nawo ulendo wochokera ku Ntcheu ali anyamata, ndipo tinakawatenga pa galimoto chifukwa miyendo inatha. Azakhali a ku Johannesburg anatumiza pepala lawo losaina mwezi watha. Atsala amalume aang'ono a ku Chegutu, amene akuti abwera akakolola.